Chikhomo Choyenda Usiku m'Nkhalango ya Combelle

Chikhomo chinasuntha koyamba usiku wa Lolemba, ndipo woyamba kuona anali Firmin Chaudron, munthu amene ngakhale nkhuku ikadutsa m'munda mwake amailondola mapazi mpaka kwa mwini wake. Chinali chikhomo cha mtengo chopakidwa penti yofiira, cholembedwa nambala 17, ndipo a meya anachikhoma okha Loweruka m'malire a ndime ya Firmin ndi ndime ya Norbert Voillemin. Lachiwiri m'mawa Firmin anachipeza chitayenda mapazi khumi ndi awiri kulowa mbali yake. Pamene chinazulidwa panatsala kadzenje, ndipo chisanu chinali chitayera kale m'mphepete mwake.

Nkhalango ya Combelle ndi yaing'ono, munthu amaizungulira pa ola limodzi ndi theka, koma kwathu ku Brémoncel ndi imene imatifunditsa. Kuyambira kale, pamene amonke, amuna odzipereka ku mapemphero, ankawotchamo makala a ng'anjo zawo zachitsulo, inagawidwa m'zigawo makumi awiri ndi zisanu. Nyengo yozizira iliyonse timadula chigawo chimodzi. Nyumba iliyonse yofuka utsi imalandira ndime yake mwa maere, timapepala m'chipewa cha a meya. Mitengo wamba ya nkhuni, yotchedwa charme, timaidula mpaka pachitsa, koma mitengo ya thundu yokhala ndi chizindikiro siikhudzidwa, ndi ya mudzi wonse, ndipo woidula ndi mbava basi. Tikachoka, zitsa zimaphukira, minga imatseka ponseponse moti ngakhale galu salowa, ndipo palibe amapondamonso mpaka zaka makumi awiri ndi zisanu zitatha. Munthu amadula chigawo chimodzi kawiri pa moyo wake, katatu ngati Mulungu wamuiwala. Chaka chimenecho tinabwerera ku chigawo chachisanu ndi chinayi.

Huguette, mkazi wa Norbert, ankachikumbukira bwino chigawo chimenechi. Chaka chimene chinadulidwa komaliza ndi chaka chimene anathamangitsa mchimwene wake Gérald. Makolo atamwalira, mnyamatayo ankakhala kwa Huguette ndi Norbert, ndipo tsiku lina masana anabwera akununkha mowa, atachotsedwanso ntchito kufakitale yocheka matabwa. Huguette anamukalipira chitseko chili chotsegula, mudzi wonse ukumva: "Choka, ndatopa nawe! Usadzapondenso pakhomo pano ndili moyo!" Gérald ananyamula kachikwama kake n'kutuluka. Madzulo Norbert anati anamuona akutsetsereka njira ya kusiteshoni ya sitima, ndipo nkhani inathera pomwepo. Huguette analemba makalata kumizinda ya madoko, ku Marseille, ku Le Havre, kulikonse kumene mnyamata wopanda ntchito angapite, koma sanayankhidwe. Kuyambira tsiku limenelo sanakwezerenso munthu mawu. Anthu ankamutama kuti ndi mayi wofatsa, koma sikunali kufatsa ayi. Ankakhulupirira kuti pakamwa pake panataya mchimwene wake, ndipo chimene ankafuna asanamwalire chinali chimodzi chokha, kudziwa ngati Gérald anamukhululukira.

Lachiwiri lomwelo Firmin anafika kwa a Voillemin akufuka ngati ketulo.

"Ali kuti wakuba malire uja?"

"Pukuta mapazi kaye, Firmin, kenako utukwane," anatero Huguette.

"Ndati mwamuna wako ali kuti?"

"Suyo ali pambaula. Sabata yatha asakudya. Muyang'ane bwinobwino. Ameneyu angafike ku nkhalango? Kuchimbudzi komwe ndimachita kumugwira mkono."

Zinali zoona. Norbert anayamba kudwala usiku wa maere. Ankanjenjemera atafunda mabulangete atatu, supu ankangoiyang'ana, ndipo dokotala atamupima paliponse anati sakuona kanthu. Norbert anasamukira pansi, pa kabedi ka kukhitchini, akuti kuchipinda cham'mwamba kukuzizira.

Firmin anamuloza ndi chala. "Unandipempha kuti tisinthane ndime, ndinakana. Ndiye waganiza zoitenga usiku?"

"Ndinkangofuna yapafupi ndi njira," anatero Norbert, maso ali pansi. "Mwendo wangawu."

"Yapafupi ndi njira ndi yako yomweyo, chitsiru iwe!"

M'mapazi khumi ndi awiri amenewo munalibe nkhuni zoti munthu n'kudana nazo ndi mnzake. Munali chitsa chimodzi chachikulu chokhala ndi mphukira zisanu ndi ziwiri, ndi bwalo lozungulira, losalala, la dothi lakuda bii, limodzi mwa malo amene akale ankawotcherapo makala. Nkhandwe inali itakumbapo mphanga chaka chimenecho. Firmin ankafuna bwalolo kuti azitembenuzirapo thirakitala ndi kuunjikapo nkhuni, ndipo masana omwewo anakabwezera chikhomo pamalo pake akutukwana njira yonse.

Usiku umenewo Huguette anadzuka osadziwa chimene chamudzutsa. Kunalibe mphepo. Kunkazizira kwambiri moti matabwa a denga ankalira okha, ndipo pawindo panali mdima wokhawokha, wopanda mwezi, wopanda nyali ya nyumba iliyonse. Kenako anamva. Kho. Panadutsa kanthawi kokwana munthu kupuma kawiri. Kho. Phokosolo linkachokera kumtunda, ku nkhalango, ndipo silinali la nkhwangwa, pakuti nkhwangwa imaluma mtengo, pamene ili linkangogunda, lolemera, ngati munthu akugogoda pachitseko chokhuthala. Anawerenga mpaka kasanu ndi kanayi. Galu wa kutchalitchi anauwa kamodzi n'kusiya. Huguette anafuna kutsika kuti akaone mwamuna wake, koma anangogona chagada maso ali gwa mpaka kunja kunayera.

M'mawa chikhomo chinali chitasunthanso, mapazi khumi ndi awiri omwewo. Lachinayi m'mawa chimodzimodzi.

Pofika tsiku limenelo kogulitsa buledi kunalibenso nkhani ina. Ena ankati ndi mizimu ya owotcha makala amene sakufuna thirakitala pabwalo pawo. Mayi wina anati agogo ake ankanena kuti m'nkhondo munaphedwa msilikali m'chigawo chimenecho. Wophika buledi anati ndi nguluwe, ndipo atafunsidwa kuti nguluwe inaphunzira liti kukhoma chikhomo chilili, anapsa mtima n'kulowa kuuvuni. Wina anayamba kunena kuti chigawochi chilibe mwayi, paja ndi chaka chake chomwe mnyamata wa kwa a Voillemin uja, koma anaona Huguette ataima pakhomo ndi dengu lake, mawu n'kumuthera m'kamwa.

Huguette anali ndi chake chimene sanauze munthu. M'mawa umenewo, posesa pakhonde, anapeza majombo a Norbert ali onyowa, ndipo kunsi kwake kunali dothi lakuda. Dothi la kwathu ndi lofiirira, kuyambira kumanda mpaka kumtsinje. Lakuda limapezeka pamabwalo a makala pokha. Anachita manyazi kwambiri, pakuti ankaganiza kuti mwamuna wake, wa zaka makumi asanu ndi limodzi, wasanduka wakuba nkhuni. Anatsuka majombowo n'kuwabisa kuseri kwa mbatata m'chipinda chapansi.

Madzulo ake Firmin analengeza kuti akagona ku nkhalango ndi mfuti, ndipo kaya ndi mzimu kaya ndi mnansi, adzakhala pansi movutikira kwa mwezi wathunthu. Huguette atamva zimenezi anakhoma chitseko, kiyi n'kumuika m'thumba la epuloni, nakoka mpando n'kukhala pafupi ndi kabedi ka mwamuna wake.

"Kagone, Huguette."

"Ndikhala pompano."

"Ndili bwino ine."

"Ndiye gona, poti uli bwino."

Moto unatsika pang'onopang'ono mpaka munatsala makala ofiira okha. Wotchi ya pakhoma inkamveka ngati yakula. Norbert anatembenukira kukhoma, koma Huguette ankadziwa kupuma kwake kwa m'tulo, ndipo uku sikunali kumeneko. Itangokwana wani koloko, phokoso lija linayamba. Kho. Norbert anauma thupi lonse. Kho. Anatembenuka pang'onopang'ono, ndipo m'kuwala kwa makala nkhope yake inali yonyowa ndi thukuta. Anagwira dzanja la mkazi wake mwamphamvu moti mphete inamupweteka.

"Ukumva?" ananong'ona. "Huguette, ukumva? Si ine. Lero si ine."

"Nanga ndani?"

Milomo ya Norbert inkawerenga, ndipo phokosolo litasiya anapitirizabe kumvetsera, pakamwa pali yasa.

Firmin anabwera kutacha, wopanda chipewa, ndipo koyamba m'moyo wake anapukuta mapazi asanauzidwe. Anakhala pampando n'kupempha khofi. Anati anabisala pafupi ndi chikhomo, pamtunda woti akanachigenda ndi mwala, tochi ili m'manja. Phokoso litayamba anayatsa tochi. Panalibe munthu. Panalibenso chikhomo.

"Ndiye linkachokera kuti?" anafunsa Huguette.

"Pansi." Firmin anayang'ana majombo ake. "Ndimalimva m'mapazimu, mayi. Ndathamanga ngati mwana, sindibisa. M'mawa uno ndabwerera ndi a meya. Chikhomo chili pakati penipeni pa bwalo lakuda lija. Si malire anga, si malire ako, Norbert. Ndipo chalowa pansi kupitirira theka, m'dothi louma ndi chisanu. Tachigwedeza awiri, sichikusuntha."

Kapu imene Norbert anagwira inagwa n'kusweka. Palibe amene anawerama kuti atole.

"Mawa tikutsegula chigawo," anapitiriza Firmin akuimirira. "Ndichizula ndi thirakitala, ndipo bwalolo ndilipalasa lonse, ndione chimene chikufuna kundilanda ndime."

Lachisanu usiku Huguette anabweza majombo pakhonde, anasiya kiyi pachitseko, n'kukwera kuchipinda osavula zovala. Sanadikire nthawi yaitali. Anamva kabedi kakulira, kenako chitseko, kenako mapazi okoka mwendo umodzi pamiyala ya pabwalo. Anavala chikhoti n'kumutsatira.

Njira ya ku Combelle imakwera pakati pa minda, kenako imadumpha ngalande yakale imene amonke anakumba kuti ng'ombe zisamadye mphukira. Kupitirira ngalandeyo mdima unasintha. Unali wothina, wonunkha masamba ovunda, ndipo mitengo yopanda masamba inkakhudzana m'mwamba n'kumalira pang'onopang'ono. Masamba ouma ndi chisanu ankasweka pansi pa mapazi ake, moti ankaponda pokhapokha Norbert akaponda, kuti phokoso likhale limodzi. Patsogolo kanyali ka tochi kankagwedezeka, kakubisika, kakuonekanso. Kadzidzi analira chapatali. Huguette ankaopa kwambiri, koma sankaopa mizimu ya owotcha makala. Ankaopa msana wa munthu amene anagona naye zaka makumi atatu.

Norbert anafika pabwalo lakuda n'kuika tochi pansi. M'dzanja lina anali ndi nyundo yaikulu. Anamenya chikhomo cham'mbali kuti chigwedere, kenako anataya nyundo n'kuchikumbatira ndi manja onse, akukoka, akubuula. Sichinasunthe. Anagwada, mutu n'kuutsamiritsa pachikhomocho, ndipo Huguette, ataima kuseri kwa chitsa cha mphukira zisanu ndi ziwiri, anamva mawu ake bwinobwino.

"Mlamu, ndisiye. Ndakupempha, ndisiye. Ndimafuna ndime ikhale yanga kuti asakupondeponde ndi thirakitala. Ndikanasiya minga ikukute monga kale. Ukufuna chiyani tsopano? Ukufuna adziwe? Chimupha, mlamu, ukumudziwa iwe."

Norbert anali ndi mlamu mmodzi yekha padziko lonse.

Huguette anatuluka n'kuima m'kuwala kwa tochi. Mwamunayo anakweza maso, ndipo sanadzidzimuke n'komwe, anangokhala ngati munthu amene watula katundu.

"Unati unamuona akupita kusiteshoni," anatero Huguette motsitsa mawu.

"Ndinanama."

"Nena."

Anayamba kunena, monong'ona, akupumira m'kati. Masana aja Gérald sanapite kusiteshoni. Anakwera ku nkhalango, kumene Norbert ankamaliza ndime yake yekha, anthu onse ataweruka. Pafupi ndi bwalolo panali thundu wowongoka, wachizindikiro, ndipo Norbert ankafuna mtanda wa denga la khola. Anati kwa mlamu wake, tigwetse msanga kusanade, palibe aone. Anadula mothamanga, mbali yolakwika, ndipo mtengo unapota pogwa.

"Sanalire n'komwe. Ndinamukoka, ndinamuitana. Anali atapita kale."

"Ndiye unamukwirira ngati galu."

"Ndinaopa, Huguette. Mtengo wakuba, munthu wakufa, apolisi akanati chiyani? Ndinati ndinena mawa. Dothi la pano ndi lofewa, ndinakumba ndi fosholo ya pamoto, n'kuunjikapo nthambi. Mawa lake unali ukulira kuti wamuthamangitsa ndiwe, ndiye ndinati ndidikire utonthole. Kenako minga inamera."

"Makalata aja unkakandiponyera ndiwe."

"Inde."

"Unkanyambita masitampa."

Norbert anabisa nkhope m'manja. Mphepo yochepa inadutsa m'mwamba, nthambi n'kulira, kenako kunakhalanso zii. Funso limene Huguette analisunga zaka zonsezi linatuluka lokha.

"Ananena chiyani za ine?"

"Huguette..."

"Anafika kuno atakwiya. Ananena chiyani?"

"Sanakwiye. Ankaseka," anatero Norbert. "Anati, mlongo wanga uja mkwiyo wake ndi moto wa mapesi, pofika madzulo ukhala utazima. Anati kachikwamaka ndangonyamula kuti achite mantha, muli malaya amodzi ndi lumo. Anandifunsa kuti waphika chiyani. Anati tifulumire, supu ingazizire."

Huguette anamva ngati chinthu chathyoka m'chifuwa mwake. Zaka makumi awiri ndi zisanu ankapempha chikhululukiro kwa munthu amene sanamusungire mlandu ngakhale ola limodzi, ndipo amene ankadziwa zimenezi ankadya naye patebulo limodzi, akumuona akuthamangira pawindo wamakalata akamadutsa. Sanalire. Chisoni chinali chachikulu kuposa misozi, ndipo pansi pa chisonicho panali mkwiyo wozizira umene sanaudziwepo.

Pomwepo linamveka. Kho.

Onse awiri anayang'ana nyundo. Inali pansi pamene Norbert anaitaya, chisanu chitayamba kale kuyera pa mpini wake. Kho. Silinachokere kumitengo kapena kunjira. Huguette analimva likukwera m'zidendene mpaka m'maondo. Norbert anakwawa chafutambuyo, akulira ngati kamwana, mpaka msana unagunda chitsa. Kho.

"Pita kunyumba," anatero Huguette.

"Tiye limodzi, chonde, usatsale pano."

"Pita. Ukavale malaya abwino, ukakhale pampando, udikire. Abwera kudzakutenga."

"Huguette, ndine mwamuna wako."

"Ndati pita."

Anapita, akukoka mwendo, tochi ataiiwala. Huguette anamvetsera mapazi ake mpaka anadumpha ngalande. Kenako anaunjika masamba ouma pafupi ndi chikhomo, anakhala pansi, n'kuika chikhatho padothi lakuda. Tochi inafiira pang'onopang'ono mpaka inazima. Zimene anayankhula mumdimawo palibe akuzidziwa, ndipo ine sindingazipeke. Anthu a nyumba za kumtunda amati phokosolo linamveka mpaka cha m'ma folo koloko, koma motalikirana, ndipo kumapeto linkamveka ngati munthu wogogoda amene akudziwa kuti m'nyumba amva.

Loweruka kutacha mudzi wonse unakwera ku Combelle monga mwa mwambo, amuna ndi macheka a injini paphewa, akazi ndi madengu a buledi ndi soseji, wina atanyamula botolo la kachasu wa maula. Thirakitala ya Firmin inali patsogolo, tcheni chikulendewera kumbuyo. Atakhota pa chitsa chachikulu chija, Firmin anaponda buleki n'kuzimitsa injini. Anthu anasiya kuseka mmodzimmodzi.

Huguette anali atakhala pakati pa bwalo, tsitsi ndi mapewa zitayera ndi chisanu, milomo itachita bii. A meya anathamanga n'kuvula chikhoti chawo kuti amufunditse.

"Mayi Voillemin, mwagona kuno? Norbert ali kuti?"

"Ali kunyumba, akudikira apolisi. Mukawaimbire."

Firmin ndi amene anamugwira mkono n'kumuimiritsa. Huguette anayang'ana thirakitala, anayang'ana tcheni, kenako anayang'ana amuna onse aja ndi macheka awo.

"Chimenechi chibwerere, Firmin," anatero. "Lero pano sipadulidwa. Tumani anthu akatenge mafosholo, ndi nsalu yoyera ili m'kabati yanga, shelefu ya m'mwamba. Ndipo mukumbe pang'onopang'ono, chonde. Ndi mchimwene wanga, anali akubwerera kunyumba."